Laputopu ikuchedwa kuyaka ndipo ikulira tiki tiki mkati: ndifomate?

Funso lasabata ino lachokera kwa aphunzitsi ena a ku Khombedza, ndalifupikitsa pang'ono: "Ndili ndi laputopu ya HP yomwe ndinagula kwa munthu wochokera ku Joni zaka zinayi zapitazo, ili ndi Windows 10. Kuyambira mwezi watha ikumatenga mwina mphindi 15 kuti iyake, ikayaka ndikangotsegula Word basi yahang'a. Nthawi zina imalemba Preparing Automatic Repair kenako mdima, dzulo inalemba Boot Device Not Found koma nditazimitsa nkuyatsanso inayaka. Mkatimo mukumveka kaphokoso ka tiki tiki. Batire inafa kale, imangogwira ili pa magetsi. Mnyamata wina pa trading wati ndi vayirasi ndiye andifomatire. Muli malikisi a ana, ma scheme, pulojekiti yanga ya ku koleji ndi zithunzi za ukwati. Nditani?"

Aphunzitsi, tisanapite kulikonse, musamupatse mnyamatayo kuti afomate. Sindikunyoza luso lake ayi, kufomata kumathandiza pa mavuto ena, koma pa zomwe mwafotokozazi akafomata mudzatsala opanda malikisi, opanda pulojekiti, opanda zithunzi, ndipo laputopu idzakhalabe ikudwala chimodzimodzi. Komanso kuyambira lero siyani zomangoiyatsa kuti "mwina lero ichita bwino". Muli ndi zinthu ziwiri apa zomwe zili pangozi, laputopu ndi mafayilo anu. Laputopu ikonzeka, olo mwezi wamawa, olo mu Disembala. Mafayilo ndi amene ali ndi masiku owerengeka, mwinanso maola.

Ndikutero chifukwa zizindikiro zinayi zomwe mwatchula zikuloza malo amodzi, hard disk, kachipangizo ka mkati komwe kamasunga Windows ndi mafayilo anu onse. Kuchedwa pakokha kukanakhala china chilichonse. Koma kuchedwa, kuphatikiza Automatic Repair, kuphatikiza Boot Device Not Found yomwe imabwera nkuchoka, kuphatikiza tiki tiki, ine pa benchi yanga kuno ku Kamuzu Road ndikamva zinayi zimenezi sinditsegulanso antivayirasi. Vayirasi siliza disk. Komanso uthenga wa Boot Device Not Found umabwera Windows isanayambe nkomwe, ndi BIOS, kapulogalamu ka pa bodi komwe kamayamba kudzuka mukayatsa, imene ikudandaula kuti yasakasaka disk osaipeza.

Kuti mumvetse bwino muone kaye mmene kachinthuka kamagwirira ntchito. Mkati mwa hard disk muli kambale kozungulira, nthawi zina timbale tiwiri, ndipo mu malaputopu ambiri kamazungulira ka 5,400 pa mphindi imodzi. Pamwamba pake pali kamkono kokhala ndi kamutu kowerenga ndi kulemba, ngati galamafoni ya agogo ija, kusiyana kwake nkwakuti singano ya apa siikhudza mbale, imangoyandama pa mphepo, ndipo mpata wake ndi waung'ono moti kafumbi kamodzi kokha ndi chimwala kwa iyo. Mbale ikakalika kapena malo ena akafooka, kamutu kaja kakafika pamenepo kamalephera kuwerenga, kabwerera, kayesanso, kabwerera, kayesanso. Inu ndinu aphunzitsi mukumudziwa mwana wa Sitandade 2 amene wakakamira pa mawu amodzi, abwerera koyambirira kwa mzere, afikanso pomwe paja, akakamiranso, kalasi yonse ikudikira. Windows ndiye kalasi ikudikirayo. Mphindi 15 zanu zija zikuthera pamenepo, ndipo tiki tiki ndi kamkono kakubwerera pamalo pake nkuyambiranso. Choipa nchakuti ngati kamutu kayamba kukhudza mbale, kuyatsa kulikonse kukuwonjezera bala.

Mungotsimikiza kaye kuti phokosolo si la fani. Fani ikadzadza fumbi imalira fuuu kapena krrr mosalekeza ndipo phokoso limachokera kumbali kotulukira mphepo yotentha. La disk limadukizaduka, tiki, tiki, chete, tiki, ndipo nthawi zambiri limamveka pansi pa pomwe mumatsamiritsa dzanja polemba.

Yafika bwanji pamenepa? Ukalamba poyamba. Malaputopu obwera kuchokera ku Joni kapena ku UK ambiri amakhala atagwira kale ntchito mu ofesi zaka zingapo, wogulitsa amangopukuta nkuika Windows yatsopano, disk ndi yomwe ija. Onjezani zinayi zanu. Kenako moyo wathu wakuno, laputopu mchikwama pa kabaza, mabampu, kuinyamula ili chiyakire kuchoka ku staff room kupita mkalasi, kuiika pa tebulo mwamphamvu disk ikuzungulira. Kutentha kwa Okutobala ndi Novembala kuno kunyanja nakonso sikuthandiza. Ndiye pali nkhani ya batire yanu yakufayo, imeneyo musaione mopepuka, chifukwa magetsi akangothima laputopu imazima nthawi yomweyo ili pakati polemba fayilo, ndipo zikachitika kambirimbiri mafayilo a Windows amaonongeka, nde Automatic Repair ija.

Tsopano chochita. Konzani zonse laputopu isanayatsidwe: flashi yabwino kapena external, kapena foni ndi kebulo yake, ndipo musankhe nthawi yomwe magetsi akuoneka okhazikika. Lembani papepala zomwe mukufuna, kuyambira chofunikitsitsa. Ine ndikanayamba pulojekiti ya ku koleji, kenako malikisi, kenako ma scheme, zithunzi pambuyo. Osati chifukwa ukwati ndi wosafunika, mayi akunyumba asandimve molakwa, koma mafayilo a Word ndi Excel ndi aang'ono, amakopeka mmasekondi, pomwe zithunzi ndi mavidiyo ndi zolemera ndipo mwina zina zilipo kale kwa wojambula kapena pa WhatsApp ya achibale. Ikani laputopu pa tebulo lolimba, yatsani, dikirani mofatsa olo itenge theka la ola, musatsegule Chrome kapena nyimbo, musailumikize ku intaneti kuti Windows Update ingayambe kuvutitsa disk. Kopani pang'onopang'ono, foda imodzi imodzi, osati kusankha Documents yonse nkuponya. Ikakakamira pa fayilo ina dinani Skip mupitirire, musalimbane nayo, mudzaibwerera kumapeto ngati disk ikadali moyo. Nyimbo ndi mafilimu zisiyeni, zimenezo mukazipezanso ku ma burning center.

Za flashi ndichenjeze, pali maflashi abodza ambiri pamsika, yolembedwa 64GB koma mkati ndi kochepa kwambiri, imalandira mafayilo bwinobwino osadandaula, tsiku lotsegula mupeza zonse ndi zinyalala. Nde mukamaliza kukopa pitani pa kompyuta ina mutsegule pulojekiti ija muone ndi maso kuti masamba onse alipo. Ndipo netiweki ikalola muiponyenso pa Google Drive kudzera pa foni, akaunti ya Gmail iliyonse ili ndi 15GB yaulere, kapena mungodzitumizira nokha pa imelo. Fayilo ya Word sidya bandulo.

Nanga ikakana kulowa mu Windows? Njira zilipo zitatu zomwe ndimagwiritsa ntchito. Yosafuna ndalama ndi iyi: ikafika pa Automatic Repair nkukupatsani sikirini ya buluu, sankhani Advanced options, Troubleshoot, Advanced options kachiwiri, kenako Command Prompt. Pa kawindo kakuda lembani notepad nkudina Enter. Mu Notepad pitani pa File, Open, pansi pomwe palembedwa Text Documents musinthe kukhala All Files, ndiye mutha kuyenda mmafoda anu ngati nthawi zonse, pa Users kenako dzina lanu, kudina kumanja pa fayilo, Copy, nkukapanga Paste mu flashi. Sichionetsa kuti yafika pati nde muzingodikira. Zilembo za ma drive zimasintha mmenemo, C yanu mutha kuipeza ili D, musadabwe.

Yachiwiri ndi Ubuntu ya pa flashi, sisitimu ina yaulere yoyendetsera kompyuta mmalo mwa Windows. Munthu wodziwa amaika Ubuntu pa flashi ndi pulogalamu ngati Rufus, pa HP mumadina Esc kenako F9 posankha poyambira, nkusankha Try Ubuntu, osati Install, ndabwereza, osati Install. Laputopu imayenda kuchokera pa flashi ndipo disk yodwala imangowerengedwa pomwe mwaipempha basi.

Yachitatu ndi yomwe ndimakonda, kuchotsa disk nkuiika mu kesi ya USB ya 2.5 inch, nkuilumikiza ku kompyuta ina ngati external. Apa pali msampha umodzi womwe wagwetsa anthu ambiri. Kompyuta inayo ikhoza kulemba kuti You need to format the disk before you can use it. Dinani Cancel. Mukadina Format mwadzipha nokha. Zikafika pamenepo disk ikufunika munthu wodziwa kugwiritsa ntchito zida ngati ddrescue, yomwe imajambula disk yonse kupita pa disk ina, kuyamba ndi malo abwino nkumabwerera pa malo ovuta kumapeto, kenako mafayilo amafufuzidwa pa kope ija osati pa yodwala. Ndipo ngati ikupempha BitLocker recovery key, ndiye kuti Windows inaitseka disk ndi loko ndipo kiyi wake ndi manambala 48, nthawi zambiri amapezeka mu akaunti ya Microsoft yomwe inalowetsedwa pa laputopuyo, popanda amenewo palibe fundi angatsegule.

Pali malangizo ena oyendayenda omwe ndikupemphani muwakane. Kuika disk mu firiji, ayi, mukaitulutsa mu chinyezi cha kunyanja kuno imachita thukuta mkati. Kuimenya pambali ngati wailesi ya mabatire, ayi. Kumasula chivundikiro cha disk yeniyeniyo kuti muone mbale, ayi ndithu, imeneyo imatsegulidwa mzipinda zapadera zopanda fumbi, osati pa khonde la shopu mphepo ya mwera ikuwomba. Ndipo olo malangizo ooneka ophunzira ngati chkdsk /r kapena Defragment, pa disk yomwe ikulira musayerekeze mafayilo asanatuluke, chifukwa zimenezi zimaikakamiza kuwerenga malo onse kwa maola ambiri, ndipo ndaonapo disk zikufera pakati pa ntchito imeneyo.

Chaka chatha kunabwera mayi wina wa bizinesi ya usipa ku Senga Bay, mwana wake ndi amene ankamulembera ngongole za makasitomala mu Excel. Laputopu inayamba chimodzimodzi yanuyi. Anaipititsa kwina anaifomata, Windows inalowa movutikira tsiku lonse, patatha sabata ziwiri vuto lomwe lija, anaifomatanso. Pofika kwa ine disk inali itasiya kuoneka nkomwe, ndipo fayilo ya ngongole inapita pa kufomata koyamba kuja, munthu sanafunsidwe nkomwe ngati muli zofunika. Mayi uja anakhala pa benchi panja nthawi yaitali akuyesa kukumbukira pamtima amene anatenga ndowa zingati. Za laputopu sanafunsenso.

Mafayilo akatuluka, apo ndiye tiyeze kuti titsimikize, tisagule chinthu mongoganiza. HP ili ndi choyezera chake mkati. Zimitsani, yatsani nkumadina Esc mobwereza, pa mndandanda womwe ubwere dinani F2. Sankhani zoyeza Hard Drive kapena Storage, pa zina zili pansi pa Component Tests, muyambe ndi Quick Test. Ikalemba Short DST Failed kapena SMART Check Failed nkhani yatha, disk yapita, jambulani sikirini ndi foni. Uthenga wa Boot Device Not Found pa HP umabwera ndi nambala 3F0, ndipo ukabwera wa SMART Hard Disk Error wokhala ndi 301 ndiye kuti disk yadziulula yokha. Anzathu a Dell dinani F12 nkusankha Diagnostics, nambala 2000-0142 ndi uthenga womwewo wa maliro.

Ngati Windows ikulowabe, kapena disk ili mu kesi, pali kapulogalamu kaulere kotchedwa CrystalDiskInfo. Kamawerenga zomwe disk imadzilembera yokha za thanzi lake, zomwe amazitcha SMART. Kakalemba Good ndi buluu, Caution ndi chikasu, Bad ndi kufiira. Muyang'ane mizere itatu: Reallocated Sectors Count, awa ndi malo oonongeka omwe disk inawasiya nkusamukira pa malo osungira, Current Pending Sector Count, awa ndi malo omwe ikulephera kuwerenga panopa, ndi Uncorrectable Sector Count. Pa disk yabwino kumapeto kwa mizere imeneyi pa Raw Values pamakhala ziro. Muonenso Power On Hours, mudzadziwa kuti wa ku Joni uja anakugulitsani nkhalamba ya zaka zingati. Koma Good asakunamizeni. Mu 2007 akatswiri a ku Google anafufuza ma disk awo opitirira 100,000 ndipo anapeza kuti ambiri mwa omwe anafa sanachenjeze kudzera mu SMART, pomwe omwe anaonetsa vuto loyamba powerenga mbale mwayi wawo wofa mmasiku 60 otsatira unali wochuluka ka 39 kuposa anzawo. Nde Caution ndi umboni wokwanira, koma Good pa disk yolira tiki tiki ine ndimakhulupirira khutu langa.

Kuti ndisakunamizeni kuti ndi disk basi, pali zinthu ziwiri zotchipa zomwe zimabweretsanso 3F0. China ndi disk kusuntha pa cholumikizira chake chifukwa cha mabampu, fundi amangoichotsa nkuibwezera bwino. China ndi kabatire kakang'ono ka pa bodi, nthawi zambiri CR2032 ngati ka wotchi kaja, kakatha BIOS imaiwala makonzedwe ake, ndipo chizindikiro chake ndi deti ndi nthawi kumabwerera mmbuyo mukayatsa. Zonsezi nzoyenera kuziona, koma palibe mwa ziwirizi chomwe chimabweretsa phokoso la tiki tiki.

Enanu mukuwerenga amene laputopu ikungochedwa koma siikulira ndipo mayeso akuti disk ili bwino, nkhani yanu ndi ina. Dinani Ctrl, Shift ndi Esc pamodzi kuti Task Manager itseguke, pa Performance muone chomwe chadzadza. Memory ikakhala pafupi kudzadza ndipo muli ndi 4GB yokha, Chrome ndi matabu khumi yakwana kale kuigwetsa, onjezani ifike 8GB ngati laputopu ikulola. Pa Startup zimitsani mapulogalamu omwe amadziyatsa okha opanda ntchito. Ma antivayirasi awiri kapena atatu pa kompyuta imodzi amangolimbana okhaokha, chotsani, Windows Security yomwe imabwera ndi Windows 10 ndi yokwanira bola izilandira ma update. Laputopu yotentha ngati mbaula imadzichepetsa liwiro dala kuti isapse, nde fani ipukutidwe, thermal paste, kaphala kothandiza kuchotsa kutentha pa purosesa, isinthidwe, ndipo musiye kuigwiritsa ntchito pa matilesi. Chaja yachinyengo nayonso, makamaka pa Dell, laputopu ikapanda kuizindikira imayenda ngati kamba. Vayirasi iliko inde, makamaka ija yosandutsa mafoda a pa flashi kukhala ma shortcut, imafala kwambiri mmalo opulintira ndi mmasukulu momwe flashi imodzi imazungulira makompyuta onse, koma imeneyo imachotsedwa osafomata.

Tibwerere kwa inu aphunzitsi. Disk ikatsimikizika kuti yafa musagule hard disk ina, gulani SSD. Mulibe mbale, mulibe kamkono, ndi ma chip okhaokha, nde kabaza ndi mabampu sizikuiopsa ngati kale. SSD ya SATA imawerenga pafupifupi 500MB pa sekondi pomwe hard disk ya laputopu imazungulira pa 100, ndipo pa timafayilo ting'onoting'ono tomwe Windows imawerenga poyaka kusiyana kwake nkwakukulu kuposa pamenepo. Laputopu yomweyo yakaleyo iziyaka musanamalize kukoka mpando. Pa ntchito yanu ya Word, Excel ndi ma PDF 256GB ikukwanani, 128GB imadzadza msanga ndi ma update, 512GB ngati thumba likulola. Popeza disk yanu ikulira ndiye kuti ndi 2.5 inch SATA, mugule ya mtundu womwewo, asakugulitseni ija yaitali ngati chingamu ya M.2 musanaone ngati bodi yanu ili ndi malo ake. Mitengo sinditchula chifukwa mmene kwacha ikuyendera ndikalemba lero sabata yamawa ndikhala wabodza, koma funsani malo angapo, pano pa boma ndi ku Lilongwe ngati muli ndi wina akupita, ndipo ikhale yomata mu paketi yake. Akakupatsani yogwiritsidwa kale ntchito iyezeni ndi CrystalDiskInfo pomwepo musanalipire. Chimodzi chokha, SSD ikamafa siilira, imangozima tsiku limodzi, nde chizolowezi choponya pulojekiti pa Google Drive chisathe.

Pa SSD yatsopano ikani Windows yatsopano, musalole zokopera Windows yakale kuchokera pa disk yodwala, mungosamutsa matenda. Pamafunika flashi ya 8GB ndi Media Creation Tool yochokera kwa Microsoft eni ake, kudawuniloda kwake ndi ma GB angapo nde pezani pa Wi-Fi kapena kwa fundi amene ali nayo kale yosasinthidwa. Ngati laputopu inali ndi Windows yovomerezeka kale, imadzitsegula yokha ikalumikizidwa ku intaneti, musalipire za key. Mudziwenso kuti Microsoft inasiya kuthandiza Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, kupatula omwe analembetsa ma update owonjezera a chitetezo. Windows 11 imafuna kachip ka chitetezo kotchedwa TPM 2.0 ndipo pa Intel imayambira pa 8th generation. Kuti mudziwe yanu onani nambala ya purosesa, i5-8250U ndi ya 8, i5-6200U ndi ya 6. Ngati yanu ndi yakale pali njira zoikakamizira zomwe mafundi amachita, zimagwira koma Microsoft silonjeza kanthu, kapena muike Linux Mint mmalo mwa Windows, yomwe ndi yaulere ndipo imabwera ndi LibreOffice yotsegula mafayilo a Word ndi Excel. Koma kwa munthu amene akulemba pulojekiti yoti supavaiza akaione mu Word, masamba ndi matebulo nthawi zina zimasuntha, nde ine sindingakusinthitseni pakati pa ulendo, malizani kaye sukulu.

Mukamapita kwa fundi aliyense, kaya ndi ine kaya mnyamata wa pa trading uja, nenani mawu awa musanamupatse chikwama: mafayilo kaye, osafomata, ndipo disk yakale mundibwezere mmanja. Khalani pomwepo akamakopa. Mu disk muli malikisi a ana a eni ake ndi zithunzi za banja lanu, si zoti zitsale mu kabati ya shopu kapena zikapezeke mu laputopu ya munthu wina. Disk yakaleyo muisunge mu kabati kunyumba miyezi ingapo, pamakhala kafayilo kena komwe mumakakumbukira mochedwa.

Ndalama ikatsalako pambuyo pa SSD, batire ndiye yotsatira, RAM, memory ija, ibwere pambuyo, chifukwa ndi mmene magetsi amathimira SSD nayonso sikondwa kuzimitsidwa mwadzidzidzi ili pakati polemba. Ndipo ngati batire yakaleyo yatupa moti touchpad yatukuka kapena chivundikiro chapansi sichikutsekeka bwino, ichotsedwe msanga, imeneyo ndi ngozi ya moto. Pakadali pano pezani flashi lero, mawa mmawa kukadali kozizira yatsani kamodzi mukope pulojekiti ija ndi mafayilo ena aja, kenako mupange mayeso a F2 munditumizire chithunzi cha zomwe yalemba pamodzi ndi nambala ya model yomwe ili pansi pa laputopu, ndikuuzani SSD ndi batire zoti mukafunse.